Wogulitsa akangokhala chete, wanama kapena ayi? Nkhani ya Cicero ndi sitima ya tirigu

Mphunzitsi Opuma:
Moni nonse pa gulu pano. Dzulo ndimayanika mabuku anga akale poti chiswe chinalowa m'katoni, nde ndinapezamo buku la Cicero, wandale komanso wolemba mabuku wa ku Rome wakale, lotchedwa De Officiis, tingoti buku la za udindo wa munthu. Analilemba chakumapeto kwa chaka cha 44 BC, chaka chomwe Julius Caesar anaphedwa, ndipo amalembera mwana wake Marcus yemwe anali pa sukulu ku Athens. Muli nkhani ina imene yandisowetsa tulo ndipo ndikufuna maganizo anu. Akuti munthu wina wachilungamo wanyamula tirigu wambiri pa sitima kuchokera ku Alexandria kupita pa chilumba cha Rhodes. Ku Rhodes kwagwa njala, mtengo wa chakudya wakwera zoopsa. Iyeyu wafika koyamba, koma panjira waona ndi maso ake sitima zina zambiri zodzaza tirigu zikubwera komweko, mwina mawa kapena mkuja zikocheza. Anthu a ku Rhodes sakudziwa. Funso nali, awauze kuti chakudya chili m'njira, kapena akhale chete agulitse wake pa mtengo wokwerawo?

Mayi wa Geni:
Aphunzitsi mwadzuka bwanji. Ine ndiyankhe mosabisa poti geni yanga ndi ya chimanga yomweyo. Sindinganene. Ndanyamuka usiku, ndalipira thiraki, ndalipira onyamula matumba, ndalama yake ndatenga ku banki mkhonde yoti ndibweze ndi chiwongola dzanja, nde ndifike pamsika ndiyambe kulengeza kuti abale musagule changa dikirani mathiraki ena akubwera? Ana anga adya chani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komanso ndani akudziwa kuti sitima zinazo zifikadi, bwanji zikamira panjira

Wa ku Joni:
Amayi akunena zoona. Munthuyo sananame, sanabe, sanakakamize munthu kugula. Wangokhala chete basi

Mphunzitsi Opuma:
Mayi ndadzuka bwino kaya inu. Musaganize kuti muli nokha, zimene mwanenazo zilimo m'bukumo. Cicero akuika anthu awiri kuti atsutsane, onse a gulu la anthu anzeru akale lotchedwa Astoiki, Diogenes wa ku Babylon ndi wophunzira wake Antipater wa ku Tarsus. Diogenes ali mbali yanu. Maganizo ake ndi oti wogulitsa anene zilema za katundu malinga ndi mmene lamulo likufunira, asachite chinyengo, koma poti akugulitsa palibe cholakwa kufuna mtengo wabwino. Wabweretsa katundu, wamuyala poyera, sakudulitsa kuposa anzake, walakwira ndani? Ndipo akuti kubisa ndi kwina, kukhala chete ndi kwinanso. Antipater akukana, akuti iwe unabadwa pakati pa anthu ndipo chokomera iwe chisasiyane ndi chokomera anthu onse, nde ungawabisire bwanji anthu anjala kuti mpumulo wayandikira?

Nesi wa Usiku:
Ine ndili ndi Antipater. Mukudziwa chimene munthu wanjala amachita akamaganiza kuti chakudya chatheratu? Amagulitsa mbuzi yomaliza, njinga, malata a padenga, ena mpaka munda, kuti apeze thumba limodzi. Ife amene tinaona njala ya 2002 tikukumbukira. Munthu ameneyo akanadziwa kuti mkuja mtengo utsika akanagula kandowa kamodzi kongodutsira masiku awiri, mbuzi yake ikanatsala. Nde chetechete wa wamalondayo si waulere ayi, pali wina amene akumulipira ndi mbuzi yake

Mayi wa Geni:
Achemwali mawu anuwo andilasa, sindikana. Koma mundiyankhe ichi. Chaka china ndinapikula chimanga chambiri ndikuyembekeza kuti chikwera, kenako mtengo unagwa, ndinaluza pafupifupi mpamba wonse. Panalibe ogula olo mmodzi amene anati mayi mwaluza tiyeni tikuonjezereni. Nde pakakhala kuluza ndi kwanga ndekha, pakakhala phindu tigawane tonse?

Mwana wa Chanco:
Pepani akuluakulu ndilowerere. Aphunzitsi, Cicero mwini wakeyo anagamula bwanji?

Mphunzitsi Opuma:
Anagamula kuti wa tirigu uja anayenera kunena. Ndipo anafotokoza bwino kusiyana kwake, apa mumvetsetse. Iye akuvomera kuti si chete aliyense amene ali kubisa, pali zambiri zimene munthu umadziwa osauza anzako ndipo palibe mlandu. Kubisa kumayamba pamene ukufuna kuti anthu amene nkhaniyo ikuwakhudza asaidziwe, ndipo chifukwa chofunira zimenezo ndi phindu lako. Nde muyeso wake si woti kodi pakamwa pako patuluka bodza, koma woti kodi phindu lakolo laima pa umbuli wa mnzako. Mayi, ngati phindu lanu likuchokera pa kudzuka usiku ndi kufika msanga, limenelo ndi thukuta lanu. Ngati likuchokera pa kuti mnzanu sakudziwa chimene inu mukudziwa ndipo mukupemphera kuti asadziwe mpaka atalipira, pamenepo ndi pamene Cicero akuloza chala.

Wa ku Joni:
Hmm nkhaniyi yandifika pakhomo tsopano. Ndinene zoona, ndili ndi poloti kumudzi ndinagula nditangobwera ku Joni, ndinamangapo kanyumba ka zipinda ziwiri. Vuto lake mvula ikagwa yambiri madzi amalowa mpaka m'mawondo, chaka chatha alendi anathawa mu February. Pano ndikufuna kugulitsa ndipo amene akundithandiza kupeza kasitomala anandiuza kuti achimwene gulitsani pano kukadali kouma, October uno palibe angadziwe, musatchule za madzi. Wogula wapezeka kale, ndi mayi wina mphunzitsi wa ku pulayimale watenga loni. Ine ndimadziuza kuti sanandifunse nde sindinaname

Nesi wa Usiku:
Achimwene, mphunzitsi wa ku pulayimale, ndi loni. Muganize kawiri chonde

Mwana wa Chanco:
Achimwene nkhani yanuyo ilimo ndendende m'buku lomwelo, tinaiwerenga mu kalasi ya Classics ku Zomba. Pambuyo pa tirigu Cicero akupereka chitsanzo cha munthu wogulitsa nyumba yooneka bwino koma iye akudziwa kuti ndi yodwalitsa anthu, m'zipinda mumatuluka njoka, mitengo yomangira ndi yoola. Diogenes akuti nanga munthu angaime pamsika nkumakuwa kuti ndikugulitsa nyumba yodwalitsa? Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi mlandu weniweni umene unachitika ku Rome. Munthu wina dzina lake Claudius Centumalus anali ndi nyumba yaitali pa phiri la Caelian. Ansembe aja oona maulosi poyang'ana mbalame anamulamula kuti agumule mbali yapamwamba chifukwa imawatchinga. Iye mmalo mogumula anathamangira kugulitsa kwa Calpurnius Lanarius osamuuza kanthu. Ansembe anabwera kwa mwini watsopanoyo ndi lamulo lomwe lija, iye anagumula, kenako anatulukira kuti wogulitsa ankadziwa kale. Anakasuma, ndipo woweruza anali Cato, bambo wake wa Cato wotchuka uja amene ankatsutsana ndi Julius Caesar. Chigamulo chinali choti poti wogulitsa ankadziwa ndipo sananene, abweze zimene wogula waluza. Nde olo malamulo awo a nthawi imeneyo pa nkhani ya nyumba ndi malo ankaona kuti chete wotere ndi mlandu

Wa ku Joni:
Iwe mwana wandipweteka mutu. Koma ndifunse, inenso amene anandigulitsa malowo sanandiuze za madzi. Ndinagula mu September kuli gwaa. Nde ine ndekha ndikhale wolungama, ndisenze zonse?

Katekisiti:
Mtendere ukhale nanu nonse. Ndimawerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhulepo. Achimwene a ku Joni, amene anakuchitani zimenezo anakulakwirani, ndipo mpaka lero mukumva kuwawa, taonani mwazitchula nokha. Ululu womwewo ndi umene mukufuna kuupatsira kwa mayi uja. Chaona mnzako chapita, koma apa chinaona inu ndipo mukudziwa kulemera kwake.
Pa nkhani ya tirigu ndikufuna ndiwathandize Mayi wa Geni pang'ono. Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo amene anamwalira mu 1274, anaitenganso nkhani yomweyi ya wamalonda wofika koyamba kumalo a njala. Iye anati wogulitsa pa mtengo umene waupeza pamsika tsiku limenelo sanaphwanye chilungamo olo asanene za amene akubwera m'mbuyo, koma akanena kapena akatsitsa mtengo ndiye kuti waonetsa ukoma woposa. Pomwe pa chilema chobisika cha katundu chimene chingamupweteke wogula kapena kumuluzitsa, anati wogulitsa ayenera kunena. Nde nkhani ziwirizi tisaziphatikize. Sitima zimene zikubwera ndi za mawa, madzi olowa m'nyumba ndi chilema chimene chilipo kale.

Mayi wa Geni:
Zikomo a Katekisiti, apo nde mwandimasula. Chifukwa ine chimanga chikakhala chofumbwa ndimanena, ndimathira padzanja kuti kasitomala aone yekha anankafumbwe, mtengo nkutsitsa. Sikelo yanga sindinaikhudzepo, ndowa yanga si yophwanya pansi ngati zimene amachita ena. Zimenezo ndimaziona ngati kuba. Koma za mathiraki a eni ake amene ali m'njira, ayi, pamenepo ine ndi Aquinas tili limodzi

Mphunzitsi Opuma:
A Katekisiti mwabweretsa mfundo yolemera ndipo ndikuvomera kuti nkhani ziwirizi sizofanana kulemera kwake. Koma ine ndikadali ndi Cicero pa tirigu, chifukwa cha liwu limodzi, njala. Akanakhala kuti akugulitsa mafuta onunkhira kapena nsalu, ndikanati aliyense achenjere yekha. Koma pa chakudya nthawi ya njala wogula sakusankha, akuthawa imfa. Paja Miyambo 11 ndime 26 imanena za munthu womana anthu tirigu kuti amatembereredwa, wogulitsa nadalitsidwa. Wathu uja akugulitsa inde, koma akuwamana anthu uthenga umene ukanawapulumutsira mbuzi ija anena a nesi.

Mwana wa Chanco:
Koma aphunzitsi ndinene chimene chimandinyansa mwa Cicero. M'buku loyamba la De Officiis lomwelo akunyoza anthu a geni yaing'ono, akuti amene amapikula kuti agulitse pompopompo ntchito yawo ndi yonyozeka chifukwa sangapindule popanda kunama. Akunyozanso aganyu, ogulitsa nsomba, opha nyama, ophika. Koma wamalonda wamkulu wobweretsa katundu wambiri kuchokera kutali akuti ameneyo alibe vuto kwenikweni. Nde munthu wolemera wokhala ndi minda ndi akapolo akuphunzitsa Mayi wa Geni chilungamo uku akuwanyoza? Komanso chaka chomwecho cha 44 BC analembera mnzake Atticus kalata kuti mashopu ake awiri a lendi agwa, enawo ang'ambika, alendi athawa ndi mbewa zomwe, ndipo akuganiza zomanganso kuti apindulepo. Landilodi ameneyo ndi amene akutiuza za nyumba zoola

Mayi wa Geni:
Eeh ati sitingapindule popanda kunama? Ana anga anayi ndawaphunzitsa ndi geni imeneyi ndipo makasitomala anga ena ndakhala nawo zaka khumi. Wabodza sakhala ndi kasitomala zaka khumi. Bamboyo pamenepo analakwitsa

Mphunzitsi Opuma:
Analakwitsadi mayi, sindimuikira kumbuyo. Anali mwana wa nthawi yake ndi gulu lake, anthu a minda ikuluikulu amene ankaona ntchito ya manja ngati ya akapolo. Ndipo inu mwamutsutsa ndi moyo wanu, zimene zikuposa kumutsutsa ndi mawu. Koma mwana wanga wa ku Chanco, ndikupemphe uonenso mbali inayi. Pamene amalemba bukuli anali ndi zaka 62, mwana wake wamkazi Tullia amene ankamukonda kwambiri anali atamwalira chaka chapitacho atangobereka, boma limene analitumikira moyo wake wonse linali likugwa. Akanatha kukhala phee kumudzi kwake nkufa ndi ukalamba. Mmalo mwake anabwerera ku Rome nkupitiriza kudzudzula Mark Antony, mtsogoleri wamphamvu wa mbali ya Caesar, poyera mu Senate, bwalo la akuluakulu a boma. Pa 7 December 43 BC asilikali anamupeza ali pa machira pafupi ndi nyumba yake ku Formiae, anamupha, mutu ndi manja anakazikhoma pa nsanja yolankhulirapo pakati pa mzinda. Chaka chimodzi chokha chitadutsa chilembereni kuti munthu sabadwira iye yekha, dziko lake ndi abwenzi ake ali ndi gawo pa iye. Nde pa za geni anaphonya, pa za lendi mwina anali ngati malandilodi ena onse, koma pa udindo umene ankaukhulupirira analipira ndi khosi lake.

Wa ku Joni:
Ine Astoiki ndimawadziwira pa YouTube, ma video aja a Marcus Aurelius ndi Seneca, amati usadandaule ndi zimene sungazisinthe, limba mtima, usamvere za anthu. Ndimaonera ndikaweruka ku ntchito ndipo amandilimbikitsa kuno kuchilendo. Koma za kuuza wogula zoona sindinamvepo olo kamodzi

Nesi wa Usiku:
Ndi vuto la ma video amenewo achimwene, amatenga theka lokomera munthu payekha. Ine kabuku ka Marcus Aurelius ndili nako pa foni, ndimawerenga pa night odwala akagona. Munthuyo anali mfumu ya Rome kuyambira 161 mpaka 180, nthawi ya mliri waukulu komanso nkhondo kumalire a mtsinje wa Danube, ndipo zimene analembazo amadzilembera yekha, sankafuna kuti ife tiwerenge. Pali pena akudzikalipira m'mawa kuti dzuka, ukukagwira ntchito ya umunthu, sunalengedwe kuti uzifunda bulangete. Penanso akuti chimene sichikomera mng'oma wonse sichingakomere njuchi imodzi. Nde kulimba mtima kwawoko sikunali koti uzingosamala zako, kunali koti uthe kuchita zoyenera kwa anzako olo zikupweteke. Ine pa ward palibe amandiona 3 koloko m'bandakucha ngati ndamutembenuza gogo uja kapena ndangolemba mu faili kuti ndamutembenuza. Faili singanene. Ndi chete yemweyo tikukambayu

Katekisiti:
A nesi Mulungu akudalitseni pa ntchito imeneyo. Ndionjezere kuti anthu amenewa si achilendo kwa ife owerenga Baibulo. Pa Machitidwe 17 Paulo ali ku Athens anakambirana ndi Astoiki ndi Aepikureya, ndipo Galiyo uja wa pa Machitidwe 18 amene anakana kuweruza mlandu wa Paulo ku Korinto anali mkulu wake weniweni wa Seneca. Ambrose bishopu wa ku Milan analembanso buku la udindo wa atumiki a Mpingo potsata kalembedwe ka buku la Cicero lomweli. Komabe tisaiwale kuti mu ulamuliro wa Marcus Aurelius yemweyo Akhristu anaphedwa ku Lyon mu 177. Nzeru anali nazo koma sizinafike paliponse.

Mwana wa Chanco:
Ndi Seneca yemwe, analemba zokoma za kukhutira ndi zochepa uku ali mmodzi wa anthu olemera kwambiri mu Rome, ndipo mfumu Nero atapha mayi ake Agrippina mu 59 AD kalata yodziyeretsa yopita ku Senate akuti anailemba ndi Seneca. Ine amene ndimamukhulupirira ndi Epictetus basi, poti iye anali kapolo, wolumala mwendo, analibe kanthu

Mphunzitsi Opuma:
Epictetus tidzamutsegulire tsiku lake, ndi wofunika. Koma ndisanagone ndikusiyireni ina ya m'buku lachitatu la De Officiis imene anthu a kunyanja aimva bwino. Munthu wina wa ku Rome dzina lake Canius anapita ku Syracuse kukapuma, nkumanena kuti akufuna kugula kamunda ka m'mbali mwa nyanja kochezerapo ndi anzake. Pythius, wosunga ndalama za anthu mumzindamo, anati langa silogulitsa koma bwerani mawa tidzadye. Kenako anaitana asodzi, poti ambiri ankamudalira, nkuwapempha kuti mawa adzaphere nsomba kutsogolo kwa munda wake. Canius pofika anapeza mabwato ali mbwee, asodzi akukhuthula nsomba pamapazi pa Pythius. Atafunsa anauzidwa kuti nsomba zonse za mu Syracuse zimapezeka pompano. Mtima unamuthawa, anachonderera mpaka anagula pa mtengo umene Pythius anatchula, ndi katundu wa m'nyumba yemwe. Mawa lake waitana anzake, wafika molawirira, panyanja pali zii, olo bwato limodzi. Akufunsa woyandikana naye kuti kodi asodzi ali pa holide lero? Uja akuti ayi, kuno sikuphedwa nsomba, inenso dzulo ndimadabwa. Tonse tikuvomera kuti Pythius ndi wakuba. Tsono achimwene a ku Joni, Pythius anaitana mabwato kuti abwere pa tsiku logulitsa. Inu mwasankha mwezi woti madzi asakhalepo pa tsiku logulitsa. Ndithandizeni kuona pamene pasiyana, chifukwa ine ndayesa ndipo ndikupeza pochepa kwambiri.

Mayi wa Geni:
Apo aphunzitsi olo ine ndilibe mawu. Achimwene auzeni mayiwo. Mwina agulabe pa mtengo wotsika nkukweza maziko kapena kukumba ngalande, anthu amagula malo a madzi akudziwa. Koma adziwe. Wakutsina khutu ndi mnansi. Za tirigu zokha ndikadakana, tidzapitiriza

Wa ku Joni:
Ndalama imeneyi ndimafuna ndilipire fizi ya mng'ono wanga ku koleji January, nde musaone ngati ndi dyera chabe

Nesi wa Usiku:
Tikumva achimwene, palibe akukuweruzani. Fizi ndi udindo, mayi ujanso ndi udindo. Mukatsitsa mtengo fizi ya teremu imodzi ikhoza kukwanabe, zotsalazo mudzaona pofika April

Wa ku Joni:
Mwadzuka bwanji nonse. Usiku sindinagone bwino. Alendi aja ananditumizira video chaka chatha madzi ali m'nyumba, mapoto akuyandama, ndinali ndisanaifufute. M'mawa uno ndawatumizira mayi aja pa WhatsApp ndi kuwauza kuti zimachitika mvula ikachuluka mu January ndi February, ndipo ngati akufunabe tikambirane mtengo wina. Amene amandipezera kasitomala uja wandiimbira kawiri, wakwiya kwambiri, akuti ndamuonongera komishoni. Mayiwo aiona video, ma tick ndi a buluu kuyambira 7 koloko, koma sanayankhebe